Chakudya cha kusukulu chimadalira kulipira mlimi msanga

Boma la Mozambique linavomereza PRONAE, ndondomeko yopereka chakudya m'sukulu za pulaimale, mu 2013. Mu 2017 dziko la Russia linalola kuti ngongole ya madola 40 miliyoni ipite ku ntchitoyi kudzera ku PMA, bungwe la United Nations loona za chakudya.

Cholinga china cha ndondomekoyi n'chakuti chakudya chizigulidwa kwa alimi a m'deralo, ndipo apa m'pamene atsogoleri ake amayesedwa. M'chigawo cha Tete nyemba ndi chimanga zimachuluka ku Angónia ndi ku Tsangano, pomwe chilala chimavuta ku Changara. Mlimi sangadikire miyezi kuti alipidwe, pakuti wogula wa pamsewu amafika ndi ndalama m'manja. Mapepala akachedwa ku ofesi, nyemba zimapita kwina, mphika wa kusukulu n'kukhala wouma. Mwana amene amakopeka ndi chakudya amayamba kujomba.

Palinso amayi ophika, omwe nthawi zambiri amagwira ntchitoyi modzipereka, ngakhale nyengo yolima. Mkulu wa sukulu wanzeru amawapatsa malo m'komiti yowerenga matumba olowa ndi otuluka mosungiramo chakudya, chifukwa ndiwo amayamba kudziwa ufa ukamatha.