Chikalata pa za Thandizo la Mayiko Akunja ku Dziko la Seychelles

Ife a mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma otsata nkhani za ngongole ndi thandizo la mayiko akunja m'chigawo cha SADC tikulembera Banki Yaikulu pa Dziko Lonse, Banki ya Chitukuko ya mu Africa, bungwe la IMF ndi maboma a m'chigawo chathu. Dandaulo lathu ndi muyeso womwe opereka thandizo amayesera dziko la Seychelles.

Anthu a pa zilumba 115 za dzikoli adachita zonse zomwe adauzidwa. M'chaka cha 2008 boma lawo lidalephera kulipira ngongole ya madola 230 miliyoni a ku America, pomwe ngongole zake zonse zinali zitaposa chuma chimene dzikolo limapanga pa chaka chathunthu. Mu Novembala chaka chomwecho, boma la Pulezidenti James Michel lidagwirizana ndi IMF. Lidaisiya ndalama yawo ya rupee kuti mtengo wake uziyendera msika, ndipo idagwa pafupifupi ndi theka. Mitengo ya zinthu idakwera, antchito ambiri a m'boma adachoka pa ntchito, ndipo boma lidasiya kutsitsira aliyense mitengo n'kuyamba kuthandiza ovutika okha. Mamembala athu a ku Malawi, omwe adaona kwacha ikugwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, safunika kuwafotokozera momwe zimenezi zimawawira pa msika. Mu 2009 mayiko okongoza a Paris Club adakhululukira dziko la Seychelles 45 peresenti ya ngongole yomwe lidali nayo kwa iwo, ndipo chuma chidayambanso kuyenda.

Malipiro a kupirira kumeneku akutidabwitsa. Mu 2015 Banki Yaikulu idaika Seychelles m'gulu la mayiko olemera, ndipo pofika 2018 bungwe la OECD lidalichotsa pa mndandanda wa mayiko oyenera kulandira thandizo la chitukuko. Muyeso wake ndi umodzi: kugawa chuma cha dziko ndi chiwerengero cha anthu. Koma anthuwo angopitirira pang'ono 100,000, ndiye masamuwo amakometsa zinthu. Sanena kuti chakudya chambiri ndi mafuta zimabwera pa sitima kuchokera kutali. Sanenanso kuti ndalama zakunja zimadalira alendo odzacheza ndi nsomba za tuna zomwe amaziika m'zitini ku Victoria, likulu la dzikolo. Ndege zitaima chifukwa cha Covid-19 mu 2020, mahotela adatsala opanda alendo, ndipo mu Julayi 2021 dzikolo lidabwereranso ku IMF. Kulemera kwake n'kotani ngati chaka chimodzi chopanda alendo chingaligwetse dziko?

Tikuyamikira nzeru zomwe a Seychelles adapeza. Adasinthanitsa ngongole ya madola 21.6 miliyoni ndi lonjezo loteteza nyanja, ndipo mu Malichi 2020 adalengeza kuti 30 peresenti ya nyanja yawo ndi yotetezedwa. Mu 2018 adabwerekanso madola 15 miliyoni oti atukulire usodzi wosaononga. Koma ndalama zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi zomwe zimafunika pa chilumba cha Mahé, pomwe misewu, nyumba ndi bwalo la ndege zili m'mphepete mwa nyanja yomwe ikukwera.

Mu Ogasiti 2024 msonkhano waukulu wa United Nations udavomereza muyeso watsopano, woona kufooka kwa dziko pa ngozi za nyengo ndi za chuma. Tikupempha mabanki awiri tawatchulawa kuti augwiritse ntchito posankha oyenera ngongole za chiwongoladzanja chochepa, osangouyamikira pa misonkhano. Ngongole iliyonse yatsopano ikhale ndi ndime yolola dzikolo kuimika kulipira likagweredwa ngozi. Asodzi a mabwato ang'onoang'ono a ku zilumba za Mahé, Praslin ndi La Digue azikhala nawo pa zokambirana za malo oletsedwa kusodza, chifukwa ndiwo amasenza lonjezo lomwe boma lidapanga ndi okongoza. Maboma a SADC, omwe Seychelles ndi mnzawo m'bungweli, atengere nkhaniyi ku misonkhano ya pachaka ya Banki Yaikulu ndi IMF.

Komiti Yaikulu ya Mgwirizano