WOSINTHA THANKI AYAMBENSO KUPHUNZIRA NJINGA YAKE

Njinga yamoto, imene kale inkaoneka kawirikawiri ndi alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi oyendera sukulu, lero yasanduka khasu la achinyamata ambiri otsiriza maphunziro. M'mizinda ndi pa misika ya kumidzi muli anyamata a kabaza amene chakudya chawo chimachokera pa magudumu awiri. Aphunzitsi ambiri nawonso, makamaka a sukulu za kutali ndi msewu wa tala, amadalira njinga yomweyi akafuna kufika pa boma. Motero taona kuti n'koyenera kukambapo za chiwalo chimodzi cha njingayi chimene ambiri amachiyesa chigubu wamba, ndicho thanki ya mafuta.

Mfundo yathu ndi yakuti munthu amene wasintha thanki wasinthanso muyeso umene wakhala akuyendera, ndipo ayenera kuiphunziranso njinga yake ngati kuti waigula lero. Akapanda kutero adzayenda ndi thanki yatsopano koma mutu wake uli wodzaza ndi ziwerengero za thanki yakale, ndipo tsiku lina njinga idzamuzimira pa malo opanda mudzi, atanyamula wodwala kapena mayi wapakati amene akuthamangira naye kuchipatala.

Tiyambe ndi chimene chimawononga thanki. Mathanki a njinga zambiri zimene zili m'dziko muno ndi achitsulo chopyapyala, ndipo mdani wake wamkulu ndi madzi. Thanki ikamakhala ndi mafuta ochepa, malo otsalawo mumadzaza mpweya wachinyezi, umene usiku kukazizira umasanduka timadontho pa zipupa za m'kati. Popeza madzi amalemera kuposa petulo, timadonthoto timatsikira pansi ndi kukhala m'misoko, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Kuwonjezera apo, dziko la Malawi linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota inayamba ntchito, ndipo ina inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Ntchito imeneyi inathandiza kuchepetsa mafuta ogula kunja, koma wokwera njinga adziwe kuti ethanol amakoka chinyezi. Njinga imene yaimikidwa miyezi ingapo ili ndi mafuta ochepa imachita dzimbiri msanga kusiyana ndi imene ikuyenda tsiku ndi tsiku.

Thanki ikayamba kudontha, maganizo oyamba a munthu wosowa ndalama amakhala kupita nayo kwa owotcherera zitsulo. Apa tikuchenjeza mosapsatira mawu. Chimene chimayaka pa petulo ndi nthunzi yake, ndipo nthunziyo ikangokwana magawo 2 okha pa magawo 100 a mpweya, mbaliwali imodzi ya moto ndi yokwanira kuiphulitsa. N'chifukwa chake thanki imene yangokhuthulidwa kumene ili yoopsa kwambiri, pakuti m'kati mwake nthunzi yasakanikirana ndi mpweya, ndipo kuitsuka ndi madzi kamodzi sikuchotsa mafuta obisala m'misoko. Amisiri odziwa ntchito amaitsuka ndi nthunzi ya madzi otentha kwa nthawi yaitali asanayandikitse moto. Kumene mmisiri wotere kulibe, kugula thanki ina kuli bwino, chifukwa mtengo wake sungafanane ndi maso kapena manja a munthu. Kumata pobowoka ndi sopo kungakufikitseni kunyumba tsiku limenelo, koma si kukonza ayi, popeza pansi pa thankiyo pali injini yotentha ndi pulagi.

Posankha thanki ina, maso asakunyengeni. Njinga zambiri zazing'ono zopangidwa ku China zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, imene inatuluka mu 1975, ndipo za ku India monga Bajaj Boxer ndi TVS nazonso n'zofanana nazo msinkhu. Kufanana kumeneku kumachititsa anthu kuganiza kuti thanki ya njinga iyi ikhoza kukhala pa njinga iyo. Nthawi zina imakhaladi, koma mabowo a mabawuti, malo a kampopi ka mafuta ndi kukula kwa thankiyo zimasiyana. Thanki yokakamiza imakhudzana ndi fulemu, chitsulo pa chitsulo, ndipo kugwedezeka kwa mumsewu wafumbi kumaibowola m'miyezi yochepa. Yogula pa kaunjika wa zitsulo ikhoza kukhala yonyezimira utoto kunja, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tsegulani chivindikiro, unikani m'kati ndi tochi, osati machesi, ndipo igwedezeni mumve ngati mukuwayawaya tizidutswa ta dzimbiri.

Kuchotsa thanki yakale si ntchito yovuta, koma ili ndi mwambo wake. Igwiridwe panja, injini itazizira, kutali ndi mbaula, nyali ndi osuta fodya, pakuti nthunzi ya petulo imalemera kuposa mpweya ndipo imakwawa pansi kufikira itapeza moto. Pafupi pakhale ndowa ya mchenga, chifukwa petulo amayandama pa madzi, ndipo kuthira madzi pa moto wake ndiko kuufalitsa. Masulani waya wa batire wa chizindikiro chochotsera, tsekani kampopi, solani paipi yopita ku kabureta, ndipo mukatsegulanso kampopi lolani mafuta atsikire m'chitini chokhala ndi chotsekera. Musakoke petulo ndi pakamwa, pakuti akalowa m'mapapo, ngakhale pang'ono pokha, amayambitsa chibayo choopsa. Mukatero chotsani chishalo, masulani bawuti ya kumbuyo kwa thanki, lekanitsani waya wa geji ngati ulipo, ndipo kokerani thankiyo chakumbuyo kuti ichoke pa mphira ziwiri zimene zimaigwira kutsogolo.

Poika yatsopano onetsetsani kuti mphirazo n'zamoyo, paipi si yong'aluka ndipo sefa ya mafuta ndi yoyera. Pindani chiwongolero kumanja ndi kumanzere mpaka pamapeto kuti muone ngati sichikugunda thanki. Onaninso kabowo ka mpweya ka pa chivindikiro. Kabowoka kakatsekeka, mafuta akamatsika mpweya sulowa m'malo mwake, ndipo njinga imazima ngati yatha mafuta pamene thanki ili yodzaza. Thirani lita imodzi yokha poyamba, dikirani mphindi zingapo, ndipo pitsani pepala louma pansi pa misoko ndi pa kampopi. Likanyowa, musalize injini.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani yathu. Kampopi ka njinga zambiri za kabureta kali ndi malo atatu olembedwa ON, RES ndi OFF. Ena amaganiza kuti RES ndi kathanki kena kobisika, koma si choncho. M'kati mwa thanki, pamwamba pa kampopi, muli polowera mafuta pawiri, kapaipi katali ndi kabowo ka pansi. Kampopi kakaloza pa ON, mafuta amadzera m'kapaipi katali, ndipo akatsika kupyola kukamwa kwa kapaipiko injini imayamba kutsokomola. Kutsokomola kumeneko ndilo chenjezo. Mukatembenuzira pa RES, mafuta otsalira pansi amadzera m'kabowo kaja. Choncho kuchuluka kwa mafuta a RES kumadalira kutalika kwa kapaipi ndi kufutukuka kwa pansi pa thanki. Mukasintha thanki, kapena kampopi kokha, mwasinthanso mtunda umene mungayende chenjezo litaperekedwa.

Tiyerekeze ndi ziwerengero. Tinene kuti thanki yakale inali ya malita 12, ndipo 2 mwa malitawo anali a RES. Ngati njinga imayenda makilomita 40 pa lita, mwini wake anazolowera kuyenda makilomita 400 injini isanatsokomole, kenaka makilomita 80 ena. Tsono waika thanki ya malita 10 imene RES yake ndi lita imodzi. Chenjezo lidzabwera pa makilomita 360, ndipo otsala adzakhala 40 okha. Munthu amene akuchokera ku Lilongwe kupita ku Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, injini ikamutsokomolera atayenda makilomita 30 adzati mumtima mwake akafika bwinobwino, monga ankachitira kale. Koma njinga idzazima kutatsala makilomita 30, ndipo adzaikankha pa dzuwa la kunyanja.

Amene njinga zawo zili ndi geji asadzione ngati apulumuka. M'kati mwa thanki muli kachinthu koyandama komangiriridwa ku kamkono, ndipo kakamatsika pamodzi ndi mafuta kamasintha mphamvu ya magetsi opita ku kamuvi ka pa geji. Kachipangizo kameneka kanapangidwira thanki yake ndi geji yake. Kakachokera ku njinga ya mtundu wina, kamuvi kakhoza kuloza pakati pamene mafuta atsala pang'ono kutha. Ngakhale pa njinga yosasinthidwa kanthu, thanki si yofanana kukula pamwamba ndi pansi, motero kamuvi kamachedwa kuchoka pamwamba koma kakafika pakati kamagwa mofulumira. Njinga zamakono zopanda kabureta zilibe kampopi ka RES. Zili ndi pampu m'thanki ndi kanyale kochenjeza, ndipo pampuyo imaziziritsidwa ndi mafuta omwewo, kotero kuti chizolowezi choyenda mpaka mafuta kutheratu chimaifupikitsa moyo.

Nanga wokwera achite chiyani? Ayeze. Thanki yatsopano ili yopanda kanthu, njinga itaimikidwa chilili pamalo osalala, achotse paipi ku kabureta, ailozetse m'chitini, aike kampopi pa ON, ndipo athire mafuta theka la lita nthawi iliyonse kufikira atayamba kutuluka. Amene wathira kufikira pamenepo ndiwo, mongoyandikira, mafuta ake a RES. Atseke kampopi, abwezere paipi, ndipo apitirize kuthira lita imodzi imodzi, akuona pamene kamuvi kakuloza ndi kulemba m'kabuku. Wopanda geji atenge kamtengo kouma ndi koyera, azikaviika molunjika ndi kudula kamzere pa lita iliyonse. Aleke kuthira mafuta asanafike pakhosi pa thanki, pakuti petulo amafufuma akatentha, ndipo thanki yodzaza mpaka kukamwa m'mawa imasefukira masana.

Chachiwiri ndicho kudziwa kamwedwe ka njinga. Dzazani thanki kufika pa malo odziwika, lembani nambala ya makilomita, yendani monga mwa masiku onse, ndipo dzazaninso kufika pa malo omwewo. Ngati mwayenda makilomita 200 ndipo mwathira malita 5, gawani 200 ndi 5, ndipo yankho ndi makilomita 40 pa lita. Bwerezani katatu kapena kanayi, chifukwa njinga yonyamula munthu ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, kapena yoyenda mumchenga, m'matope a dzinja ndi m'zitunda, imamwa kwambiri kusiyana ndi yoyenda yopepuka pa tala. Pokonza ulendo gwiritsani ntchito chiwerengero chotsika mwa zonse. Ndipo mukathira mafuta kumbukirani kubwezera kampopi pa ON. Woiwala pa RES wadzichotsera yekha chenjezo. Injini yake ikadzatsokomola, thanki idzakhala itaumiratu. Komanso popeza madzi ndi dzimbiri zimakhala pansi, n'kwanzeru kukhuthulako pang'ono kudzera pa RES mwa apo ndi apo, kuti zinyalalazo zisadzakutsekereni kabureta pa tsiku la mavuto.

Tikudziwa chimene chimakopa ena kufuna thanki yaikulu. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, ndipo mafuta ake amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Amene anagona pa mizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012, ndiponso m'zaka za 2022 mpaka 2024, sangadzudzulidwe pofuna kumwetsa ambiri akawapeza. Thanki yaikulu yopangidwa ku fakitale ndi yokwanira bwino pa fulemu ilibe vuto, malinga mwini wake akumbukire kuti lita iliyonse ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, ndipo kulemerako kuli pamwamba, kumene kumasintha kakhotedwe ka njinga. Chimene tikukana ndi kudula thanki ndi kuilumikiza ndi chitsulo china pofuna kuikuza. Msoko wotere ukang'ambika pa ngozi, petulo amakhuthukira pa miyendo ya woyendetsa ndi pa injini yotentha, ndipo wokwera kumbuyo, amene analipira ulendo wake mokhulupirika, sanafunsidwe ngati akuvomera.

Kwa aphunzitsi tikuti phunziro ili ndi lanu kawiri. Ndi lanu monga eni njinga, ndiponso monga anthu amene mumaimirira pa bolodi kuphunzitsa kugawa ndi kuchulukitsa. Ana ambiri amafunsa kuti masamu adzawathandiza chiyani akachoka pa sukulu. Apatseni funso la thanki ya malita 12, ndipo adzaona okha kuti mnyamata wa kabaza amene sadziwa makilomita a lita yake sangadziwenso ngati ulendo umene watchula mtengo wake wamupindulira kapena wamudyera, pamene madzulo ayenera kupereka ndalama kwa mwini njinga.

Kwa otsiriza sukulu tikuti safunsa anadya phula. Funsani makaniko kuti thanki imene akukuikirani inachokera pa njinga yanji, ndipo zimene sangakuuzeni yezani nokha. Kugwedeza njinga ndi kutchera khutu kumangokuuzani kuti mafuta alimo, koma kuti akufikitsani pati mudzadziwa ndi kabuku ndi pensulo, zimene munaphunzira kale kugwira.