Mbewa ya mu labotale si mayi wa ana anayi

Amayi anzanga, lero ndilankhula mokalipa pang'ono, mundikhululukire.

Sabata yatha ku kiliniki ya shuga kunabwera mayi wina atafooka, akuona mwachimbuuzi, shuga atakwera zoopsa. Nditawafunsa za mankhwala, anandiuza kuti anasiya kumwa metformin miyezi iwiri yapitayo. Munthu wina pa WhatsApp anawagulitsa tiyi wa sinamoni, jinja ndi turmeric, n'kuwauza kuti asayansi a ku America anatsimikiza kuti amasungunula mafuta komanso amachiza shuga. Mayiwo anagulitsa nkhuku zitatu kuti apeze ndalama ya tiyiyo.

Kafukufuku amene ogulitsawa amatchula alipodi, koma sakuuzani kuti anachitidwa pa ndani. Mu 2009, akatswiri a pa yunivesite ya Tufts ku Boston anadyetsa mbewa chakudya chamafuta ambiri kwa masabata 12. Zina anaziwonjezera curcumin, chinthu chimene chimapangitsa turmeric kukhala wachikasu. Mbewa zopatsidwa curcumin zinanenepa pang'ono poyerekeza ndi zinzake. Mvetsetsani bwino: zinanenepabe, kungoti mocheperako. Sanatenge mbewa yonenepa kale n'kuiondetsa ndi tiyi ayi.

Komanso mbewazo zinkadya curcumin woyengedwa, woyezedwa pa sikelo, tsiku ndi tsiku, zili m'khola momwe sizikanadya china chilichonse. Mu ufa wa turmeric wa kumsika, curcumin amangokhala pafupifupi magawo 3 pa 100, ndipo matumbo a munthu amangoyamwa wochepa kwambiri. Mbewa ya mu labotale imalemera magalamu 20 mpaka 30 ndipo imakhala moyo zaka ziwiri kapena zitatu. Siimwa ma ARV, siimwa mankhwala a BP, siidikira kubereka mwana wachisanu. Pomwe zokometsera zimenezi zayesedwa pa anthu, kusintha kwake kumakhala kochepa ndipo zotsatira sizigwirizana. Palibe tiyi amene analowa m'malo mwa metformin kapena insulini.

Ena muti anamwino timadana ndi zitsamba. Ayi ndithu. Amodzi mwa mankhwala amene ali mu LA amene timakupatsani mukadwala malungo anachokera ku chomera cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Kusiyana kwake n'kwakuti anayesedwa pa anthu ambirimbiri, muyezo wake ukudziwika, ndipo tikudziwa mlingo wa mwana ndi wa wamkulu. Wa pa WhatsApp uja mufunseni muyezo wa tiyi wake kwa mayi woyamwitsa, mumve chomwe ayankhe.

Ndipo musanamizidwe kuti chachilengedwe sichipweteka. Sinamoni wa mtundu wa cassia, amene amagulitsidwa kwambiri, ali ndi coumarin, ndipo kumwa wambiri tsiku lililonse kungawononge chiwindi. Mapilisi a adyo anapezeka kuti amachepetsa ndi theka mlingo wa saquinavir m'magazi, amene ndi mtundu wina wa ma ARV. Tiyi ndi makapisozi ena oondetsa anapezeka m'mayiko angapo atasakanizidwa mobisa ndi sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa choyambitsa sitiroko ndi matenda a mtima. Paketi yopanda dzina la wopanga, mungadziwe bwanji zomwe zili m'katimo? Safunsa anadya phula.

Adyo, jinja, anyezi, tsabola wa kambuzi, ndimu, zonsezi malo ake ndi mumphika. Zikometseni nazo ndiwo kuti muchepetse mchere ndi timakiyubu tija. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza osadzaza sipuni yaing'ono imodzi. Apo ndiye pamene zokometsera zimathandizadi BP yanu.

Ngati thupi lakula, njira yake ilipo ndipo siifuna kugulitsa nkhuku. Chepetsani mitanda ya nsima, ndipo mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera. Mbale ichuluke nkhwani, bonongwe, chisoso ndi nyemba. Masipuni a shuga mu tiyi achepe, zakumwa zotsekemera ndi zokazinga zikhale za apo ndi apo. Yendani mwandawala kapena gwirani ntchito yotulutsa thukuta mphindi 150 pa sabata. Pitani mukayezetse BP ndi shuga ngakhale mukumva bwino, chifukwa matenda awiriwa amayamba mwakachetechete.

Ngati muli pa mankhwala a shuga, BP kapena ma ARV, musasiye chifukwa cha mawu a wogulitsa. Ngati mwagula kale tiyi wotere, bwerani ndi paketiyo kuchipatala tiionere limodzi, sitikukalipirani. Mayi aja tawabwezera pa mankhwala, koma miyezi iwiri imene shuga anali akuwononga maso ndi impso zawo sitingaibweze.

Tumizirani uthengawu achemwali anu, apongozi anu ndi amayi a kumpingo, makamaka amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku.