Kodi ndi mavoti a 1961 amene anapha Chitaganya?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga pano pa Boma, lero ndafuna tikambirane za chiganizo chimodzi chimene chimapezeka m'makope a ana athu ambiri a sekondale. Chiganizocho chimati: m'chaka cha 1961 chipani cha Malawi Congress chinapambana chisankho, choncho Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha. Mwana akalemba chonchi timachonga, nayenso amapita kwawo akusangalala. Ine vuto langa lili pa kamawu kakuti "choncho". Chisankho chinachitika pa 15 Ogasiti 1961. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Pakatipa pali zaka ziwiri ndi miyezi inayi, ndipo nkhani yeniyeni yagona m'miyezi imeneyi.

Tiyambe ndi chisankhocho. Pa pepala lovotera panalibe funso lakuti tituluke m'Chitaganya kapena tikhalemo. Anthu ankasankha aphungu 28 a nyumba ya malamulo ya ku Zomba, basi. Akaundula a ovota anali awiri, wapamwamba wa anthu achuma ndi ophunzira, umene unali ndi mipando 8, ndi wapansi umene unali ndi mipando 20. Ngakhale pa kaundula wapansiyo munthu sankangolembedwa chifukwa chakuti wakula, ayi. Ankayang'ana ndalama zimene umapeza, katundu wako, ngati umatha kulemba, kapena udindo wako m'mudzi. Mapeto ake olembetsa anangopitirira pang'ono 100,000 m'dziko la anthu pafupifupi mamiliyoni atatu, ndipo amayi anali ochepa zedi. Agogo athu ambiri amene amati "tinavotera Kamuzu" anavota ndi nyimbo ndi miyendo popita ku misonkhano, koma pepala lovotera sanaligwire.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Kongeresi inatenga mipando yonse 20 ya kaundula wapansi, n'kuwonjezerapo iwiri ya kaundula wapamwamba. Colin Cameron, loya wa ku Scotland amene anaima payekha mothandizidwa ndi Kongeresi, anapambananso. Chipani cha Roy Welensky cha United Federal Party chinatsala ndi mipando isanu, yonse ya kaundula wapamwamba.

Nanga mavotiwa anachita chiyani ngati sanatsegule chitseko? Ine ndimati anapha bodza. Kuyambira 1953, pamene Chitaganya chinakhazikitsidwa mafumu ndi anthu akukana, a ku Salisbury anali ndi nyimbo imodzi: munthu wamba wa kumudzi alibe nacho vuto Chitaganya, amene akusokosa ndi kagulu ka anyamata ophunzira ofuna mipando. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu itachotsedwa pa ufumu mu 1953 chifukwa chokana Chitaganya, anati yanamizidwa. Anthu ataphedwa ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959, tsiku limene boma linalengeza za lamulo la nthawi ya chipwirikiti n'kumanga Dr Banda ndi anzake mazanamazana, anati ndi zotsatira za chiwembu cha Kongeresi. Komiti ya woweruza Patrick Devlin inapeza chaka chomwecho kuti kudana ndi Chitaganya kunali ponseponse, koma boma la Britain silinafune kumva zambiri za lipotilo. Lipoti munthu akhoza kulitsutsa, kuliika m'kabati n'kukhoma. Koma manambala a chisankho chamseri, chimene anayendetsa ndi atsamunda eni ake, ovota ake anawasefa okha ndi malamulo awo, sakanawabisa. Anthu omwewo amene boma linawayesa oyenera, aphunzitsi, makalaliki, alimi achitsanzo, anyakwawa, ndi amene anakana Chitaganya.

Ena adzati kunali kuopsezana. Zoona, kunalipo, ndipo tisamabise kwa ana. Amene ankatsutsana ndi Kongeresi masiku amenewo ankatchedwa akapirikoni, ndipo moyo wawo sunali wophweka. Komabe kuopseza sikungafotokoze mipando 20 mwa 20.

Tsono apa ndi pamene pali phunziro limene timalidumpha. Malamulo a Chitaganya analibe ndime yolola dziko kutuluka. Nyumba ya malamulo ya ku Zomba, ngakhale aphungu onse akanaimika manja, inalibe mphamvu yothetsa chinthu chimene chinapangidwa ndi nyumba ya malamulo ya ku London. Kiyi anali ku London. Komiti ya Monckton inali italangiza kale mu Okutobala 1960 kuti maiko apatsidwe mwayi wotuluka, Welensky n'kukalipa kuti Angerezi amupereka. Chimene chisankho cha 1961 chinachita ndi kuika anthu odana ndi Chitaganya m'maofesi a boma. Dr Banda anakhala nduna ya zachilengedwe ndi maboma ang'onoang'ono, Kanyama Chiume nduna ya maphunziro, Dunduzu Chisiza ndi Orton Chirwa alembi m'maunduna a zachuma ndi zachilungamo. Taganizani bwanamkubwa Glyn Jones m'mawa uliwonse akukhala pa tebulo limodzi ndi nduna zimene sizifuna ngakhale kupatsana moni ndi nduna za ku Salisbury. Dziko lotero ungaliyendetse bwanji? Njira zinatsala ziwiri, kuwamanganso onse ngati mu 1959, kapena kuwalola apite. Britain inali itaona kale mtengo wa njira yoyambayo. Pa 19 Disembala 1962 nduna R. A. Butler inalengeza kuti Nyasaland iloledwa kutuluka. Apa n'kuti patapita miyezi 16 chivotereni.

Pali chisankho china chimene ndimakonda kuchiika pambali pa chathuchi, chifukwa chimaonetsa kuti si kupambana kulikonse kumene kuli ndi mano. Mu Epulo 1962 Welensky anaitanitsa chisankho cha Chitaganya chonse kuti aonetse Angerezi kuti anthu ali pambuyo pake. Anapeza mipando 54 mwa 59. Koma zipani za anthu akuda zinanyanyala, ngakhale azungu otsutsa a ku Southern Rhodesia sanapikisane nawo. Anapambana mpikisano wothamanga yekha, ndipo ku London palibe amene anatekeseka nazo. Kenaka kumapeto kwa chaka chomwecho anansi athu anavota. Ku Northern Rhodesia chipani cha UNIP cha Kenneth Kaunda ndi cha ANC cha Harry Nkumbula zinagwirizana n'kupanga boma lofuna kutuluka. Ku Southern Rhodesia chipani cha Rhodesian Front cha Winston Field chinagonjetsa anthu a Welensky, ndipo azungu amenewa ankafuna ufulu wa dziko lawolo, za Chitaganya analibe nazo chidwi. Kunena mosapsatira, Nyasaland ikanatuluka yokha, a ku Salisbury sakanalira kwambiri, poti ankationa ngati m'bale wosauka wongodya nawo. Chimene chinathyola msana wa Chitaganya ndi kuchoka kwa mkuwa wa ku Kitwe ndi Ndola. Ife tinayamba kung'amba, Azambia ndiwo anamaliza. Msonkhano wa ku Victoria Falls wa pakati pa 1963 unali wongogawana katundu wa maliro.

Amene mumatsatira nkhani za kunja mwaona kale kufanana kwake ndi za ku Britain komweko. Mu Juni 2016 anthu a kumeneko anavota pa referendamu, 52 mwa 100 alionse n'kunena kuti atuluke mu European Union. Theresa May anaitanitsa chisankho mu 2017 poganiza kuti awonjezera aphungu, m'malo mwake anataya mphamvu m'nyumba ya malamulo, ndipo pangano lake lotulukira linakanidwa katatu. Mpaka Boris Johnson atapeza mipando 365 mwa 650 mu Disembala 2019 ndi pamene zinayenda, Britain n'kutuluka pa 31 Januwale 2020. Kumeneko referendamu inanena zofuna za anthu, koma chisankho cha aphungu ndi chimene chinapereka manja ogwirira ntchitoyo, chifukwa kiyi anali nawo okha. Koma taonani Scotland. Pa chisankho chomwecho cha 2019 chipani cha SNP, chofuna kuti Scotland ichoke mu United Kingdom, chinatenga mipando 48 mwa 59 ya kwawoko. London inakana, ndipo mu 2022 khoti lalikulu linagamula kuti nyumba ya malamulo ya ku Edinburgh ilibe mphamvu yoitanitsa referendamu payokha. Abale athu a ku Scotland, amene azibusa awo anatithandiza kwambiri kulimbana ndi Chitaganya, anapezeka ali pamene ife tinali mu 1961, mavoti ali nawo koma kiyi ali kwa wina. Kusiyana kwake n'kwakuti ife Britain inali itatopa nafe.

Chinanso chimene chisankho sichiyankha ndi funso lakuti tikatuluka tidya chiyani. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Nthawi ya Chitaganya zipatala, mapositi ofesi, asilikali, msonkho wa pa malire ndi maphunziro apamwamba zinali m'manja mwa Salisbury. Zonsezi zinagwera boma la ku Zomba limene ndalama zake sizinkakwana, moti Britain inapitiriza kuthira ndalama mu bajeti yathu kwa zaka zingapo ufulu utabwera. Ndipo amuna athu sanaleke kupita ku Salisbury ndi ku Joni kukafuna ntchito. Mbendera inasintha, koma njira ya ku Wenela inakhalapobe mpaka zaka za m'ma 1970.

Ife a kuno ku Mchinji matope amenewa timawadziwa kuposa ena. Boma lino likutchedwa Fort Manning, Chipata ikutchedwa Fort Jameson, ndalama inali imodzi ndipo katundu ankadutsa popanda msonkho wa pa malire, poti lonse linali dziko limodzi pa nkhani ya malonda. Chitaganya chitatha, mzere uja wa pa mapu unasanduka chipata chenicheni pa Mwami. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ali mbali ino, Inkosi ya Makosi Mpezeni ili mbali inayo. Achewa popita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Katete amayenera kudutsa pa ofesi ya za malire. Mayi wogulitsa mtedza amasintha kwacha ina kuti apeze kwacha inzake. Ndipo chodabwitsa n'chakuti zaka zonsezi takhala tikumanganso pang'onopang'ono zimene zinagumulidwa mu 1963: COMESA, SADC, njanji ya Mchinji mpaka Chipata imene inatsegulidwa mu 2010, ndi ofesi imodzi ya pa malire imene atsogoleri a maiko awiriwa anatsegula mu 2022. Musandimve molakwa, sindikulira Chitaganya. Nyumba ya malamulo ya mipando 35 imene anthu akuda anali ndi isanu ndi umodzi yokha sinali mgwirizano, unali ulamuliro wa azungu a ku Salisbury wovala jekete lina. Agogo athu sanakane kukhala pamodzi ndi anansi. Anakana kulowetsedwa m'nyumba osafunsidwa, n'kuuzidwa kuti akhale pakhomo.

Koma chimene chimandivutitsa maganizo kwambiri, ndipo ndikufuna aphunzitsi anzanga mundiyankhe, ndi ichi. Chisankho chikasanduka referendamu ya funso limodzi, wopambanayo amalandira zambiri kuposa zimene anapempha. Munthu wa mu 1961 ankavotera kutha kwa Chitaganya. Sanafunsidwe za chipani chimodzi, sanafunsidwe za makadi, sanafunsidwe za pulezidenti wamuyaya. Koma popeza aliyense wotsutsa Kongeresi ankaoneka ngati mnzake wa Welensky, chisankho chimene chinapha Chitaganya chinaphanso zipani zina zonse za anthu akuda. Pofika chisankho cha Epulo 1964 panalibenso wopikisana naye, aphungu onse a Kongeresi analowa popanda kuvota. Ufulu unabwera pa 6 Julayi, ndipo mu Seputembala nduna zija zinali zitachotsedwa kapena kutula pansi udindo. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi mwalamulo, mu 1971 Dr Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Amalawi anadikira mpaka pa 14 Juni 1993 kuti afunsidwe funso lachindunji pa pepala lovotera.

Chifukwa chake ndimati mwana wa Fomu 4, amene mawa lino akhala ndi chiphaso chovotera m'thumba, tizimuphunzitsa kufunsa zinthu zitatu akamva wandale akulonjeza kutitulutsa kapena kutilowetsa mu mgwirizano uliwonse, kaya ndi wa maiko, kaya ndi nkhani ija ya maboma a zigawo imene inavuta mu 2014: kiyi ali ndi yani, ngongole ya tsiku lotsatira alipira ndani, ndipo wopambanayo akuti tamupatsanso chiyani china chimene sitinatchule.

Funso lachitatuli kuno kwathu lili ndi nkhope. Orton Chirwa ndi amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 Dr Banda ali m'ndende ku Gweru, ndipo anamupatsa mpando atatuluka mu Epulo 1960. Anali m'gulu la opambana mu 1961. Mu 1964 anathawa m'dziko muno. Pa 24 Disembala 1981 iye ndi mayi Vera Chirwa anagwidwa cha kumalire konkuno. Eni akewo ananena kuti anachita kubedwa ku Zambia, boma linati linawagwira ali mbali ino ya Mchinji. Anaweruzidwa ku khoti la mafumu kuti aphedwe, chilangocho n'kusinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, miyezi isanu ndi itatu referendamu isanachitike, ndipo mayi Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993.