Luso Lamakono: Kuona M'mimba mwa Mjigo Popanda Intaneti

Mjigo ukafa pamudzi, a komiti ya madzi amavutika kudziwa chomwe chalakwika chifukwa mapaipi ndi malabala ake ali pansi pa nthaka. Koma masiku ano n'zotheka kujambula mjigo wa Afridev m'njira ya 3D, kotero kuti mlangizi n'kumautembenuza ndi chala pafoni, anthu n'kuona mbali zonse.

Zithunzi zotere zinayamba kutseguka mosavuta pa intaneti bungwe la Khronos Group litatulutsa WebGL m'chaka cha 2011. Vuto lake n'lakuti tsamba la pa intaneti limalira netiweki ndi bandulo, zomwe kumudzi n'zosadalirika.

Pofuna kuthana ndi vutoli, akatswiri amakulunga tsambalo kuti likhale pulogalamu ya pafoni. Mapulogalamu monga Apache Cordova ndi Capacitor amamanga tsambalo ndi zithunzi zake zonse m'fayilo imodzi ya APK. Fayiloyo ikalowa m'foni ya Android, zithunzi zimatseguka ngakhale kudera kopanda netiweki, ndipo alangizi angathe kugawana pa Bluetooth. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Komabe chithunzi cholemera chimatenthetsa foni yotchipa, kudya batire ndi kumangoima. Choncho mabungwe amene akulipira ntchito yotere aumirire kuti pulogalamuyo iyesedwe pafoni yeniyeni ya mlangizi wakumudzi, osati ya bwana wa mu ofesi, ndalama zomaliza zisanaperekedwe.