Usiku Si Wathu Tokha

Mwana aliyense amene wakhala pa mkeka wa madrasa kwa miyezi ingapo amadziwa tanthauzo la najisi. Amadziwa kuti chovala chimene chadonthera mkodzo sapita nacho ku swala chisanachapidwe, ndiponso kuti madzi amene asintha fungo kapena mtundu chifukwa cha uve sachitira udhu. Pa za uve wooneka ndi maso, ife a m'mbali mwa nyanja sitisowa mphunzitsi. Koma ulipo uve wina umene timaumwaza usiku ndi usiku popanda manyazi, chifukwa kukacha susiya banga pa nsalu kapena pa mchenga. Tikunena phokoso la masipika ndi kuwala kwa mababu osazima. Ziwirizi tidaziyesa kale chizindikiro cha chitukuko, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti tsopano tayamba kuziyesanso chizindikiro cha kupembedza.

Amene akuti phokoso ndi mphepo chabe amve zimene zidachitika kumpoto chakumadzulo kwa New Mexico, m'dziko la America. Kumeneko kuli nkhalango yotchedwa Rattlesnake Canyon, ndipo m'nkhalangomo muli zitsime zambiri zotulutsa gasi pansi pa nthaka. Pa zitsime zina adaikapo makina opopa gasiyo, amene amalira usana ndi usiku chaka chonse. Pa zina makinawo palibe. Mitengo ndi yomweyo, nthaka ndi yomweyo, chosiyana chachikulu ndi phokoso. Katswiri wa zachilengedwe, Clinton Francis, adaona kuti malo otere angathe kuyankha funso limene ambiri ankaliseka: kodi phokoso palokha lingawononge chilengedwe? Iye ndi anzake adafufuza zisa kwa zaka zitatu, ndipo mu 2009 adalengeza kuti m'malo achete mudamanga zisa mitundu 32 ya mbalame, pamene m'malo aphokoso mudamanga mitundu 21 yokha.

Nkhaniyo sidathere pa mbalame. Imodzi mwa zimene zidathawa phokoso ndi mbalame yotchedwa scrub-jay, imene imatola njere za mtengo wa paini wa kumeneko, wotchedwa piñon, n'kumazikwirira m'nthaka kuti idzadye m'nyengo ya njala. Zina imaziiwala, ndipo zoiwalidwazo ndi zimene zimamera. Mbalameyo itachoka, m'malo aphokoso mudachuluka mbewa, zimene phokoso siliziopsa ndipo njere zimangodya osasiyako. Mu 2012 ofufuzawo adapeza kuti timitengo tongomera kumene tidali tochuluka kanayi m'malo achete kuposa m'malo aphokoso. Pamene adalembanso za malowo mu 2021, adaonetsa chinthu choopsa kuposa apa: ngakhale pa zitsime zimene makina adali atachotsedwa, timitengo ta paini tidali tisanabwerere. Palibe adagwira nkhwangwa, palibe adayatsa moto, koma nkhalango idayamba kusowa ana.

Tisabise, timbalame tina tating'ono tidapindula, pakuti scrub-jay imadyanso mazira a zinzake, ndipo itachoka zisa zawo zidapulumuka. Koma ameneyo si mwayi woti tiusangalalire. Ndi umboni wakuti phokoso limasankha amene akhale ndi amene achoke, ntchito imene Mlengi sadaipereke kwa makina.

Za kuwala ndiye sitifunikira kuwoloka nyanja zamchere kuti tiphunzire. Siginala akapalasa bwato lake ndi nyali usiku wa mdima, usipa umasiya njira yake n'kusonkhana pansi pa kuwalako mpaka chilimira chiuzinge. Mwezi ukakhala wathunthu, nyaliyo imachepa mphamvu ndipo asodzi amadziwiratu kuti usipa uvuta. Mvula yoyamba ikagwa, ana athu amathamangira pa babu ndi beseni la madzi kukakola ngumbi. Tonse tidakula tikudziwa kuti kuwala kwa usiku ndi msampha. Nanga bwanji tikapachika babu loyera mbee pa khonde, pa golosale kapena pa mpanda wa mzikiti, n'kulisiya mpaka dzuwa lituluke, timadziyesa osalakwa? Msodzi amatchera msampha wake kwa maola ochepa ndipo zimene wagwira zimadyetsa banja. Babu lathu limatchera usiku wonse, chaka chonse, ndipo tizilombo timene lapha timangotisesa m'mawa.

Tizilombo timeneto tili ndi ntchito. Ku Switzerland, katswiri wina, Eva Knop, ndi anzake adaika nyali za mumsewu m'madambo amene kale adali a mdima. Mu 2017 adalengeza kuti maulendo a tizilombo ta usiku pa maluwa adachepa ndi 62 pa 100 alionse, ndipo chomera chimene ankachiyang'anira chidachepetsa zipatso ndi 13 pa 100 alionse, ngakhale kuti masana njuchi ndi ntchentche zinkachifikabe. Tikamva zimenezi tikumbukire mlambe, umene wadzaza ku Mangochi ndi ku Salima. Duwa lake loyera limatseguka madzulo, ndipo alendo amene limawadikira ndi mileme ndi agulugufe a usiku. Malambe amene ana athu amabwira, ndi amene amayi amagulitsa pa msika, adayambira mu mdima.

Pansi pa madzi namonso si mwa zii monga timaganizira. Ofufuza adajambula mawu amene mbuna zazimuna za m'nyanja yathu ino zimatulutsa pofunsira zazikazi, ndipo mawu amathamanga m'madzi koposa kanayi liwiro lawo mu mpweya. Zolengedwa zimamvana, zimaitanana, zimachenjezana. Ife timangolowerera pakati ndi injini ndi jenereta.

Tikudziwa zimene ena ayankhe. Adzati izi ndi nkhawa za anthu okhuta, ife tili ndi njala ndi umbava. Za umbava tavomera: mayi wobwera ku chipatala usiku asapunthwe mu mdima, ndipo sitolo isathyoledwe. Koma wakuba amayenda pansi, sayenda m'mitambo. Babu lovekedwa chisoti, loyang'ana pansi, lofiirira osati loyera mbee, limaunikira pakhomo bwino lomwe popanda kuwalitsa mitengo ndi thambo, ndipo mayunitsi a magetsi amakhalitsa ngati mababu osafunika azimitsidwa. Kunena za njala, ndi wosauka amene amadya malambe, ngumbi ndi usipa. Wolemera chilengedwe chikasokonekera amakagula za m'sitolo.

Ena adzakwiya n'kunena kuti tikulimbana ndi adhana. Ayi ndithu. Adhana ndi mphindi zochepa, kasanu pa tsiku, ndipo ikatha mudzi umabwerera m'bata. Chimene tikutsutsa ndi chizolowezi chimene chakula pa maukwati, pa ziyala ndi pa misonkhano ya dawa, chobwereka masipika aatali ngati chitseko, kuwalozetsa kunja kwa bwalo, n'kuwasiya akubangula kuyambira Isha mpaka tambala woyamba. Anthu amene asonkhana ndi mazana awiri, koma phokoso likufika midzi itatu, likudzutsa odwala, makanda ndi mbalame zogona m'bango. Kukacha, mizere ya swala ya Subuhi imakhala yoduka chifukwa okonza mwambowo ali m'tulo, ndipo ana amene tikuwaphunzitsa amasinza pa phale. Timanyansidwa ndi nyimbo za m'malo omwera mowa ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ndipo tili ndi chifukwa. Koma kakowa wogona mu mtengo sasiyanitsa sipika ya pa bala ndi sipika ya pa ziyala.

Chipembedzo chathu sichidatisiye osadziwa pa zimenezi. Timaphunzitsa ana malangizo a Luqman kwa mwana wake okhudza kutsitsa mawu. Timawafotokozera kuti Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, adaletsa maswahaba kukweza mawu mopyola muyeso pochita zikiri pa ulendo, ndiponso kuti adalamula kubwezera ana a mbalame kwa mayi wawo ataona akuvutika. Timawauza kuti asawononge madzi a udhu ngakhale nyanja ili pakhomo. Ngati kumwaza madzi ndi israfu, kumwaza mawu ndi kuwala kudzatchedwa chiyani? Anawo amamva zonsezi masana, ndipo usiku amationa ife aphunzitsi awo titagwira maikolofoni.

Choncho tikupempha makomiti a mizikiti ndi mashehe a m'madera mwathu kuti nkhaniyi ilowe pa msonkhano wotsatira, isadikire lamulo la boma. Pa mwambo uliwonse masipika ayang'ane anthu amene akhala pa bwalo, ndipo nthawi yozimitsa igwirizanidwe mwambo usanayambe, ilengezedwe pamodzi ndi dongosolo la chakudya. Banja lopempha shehe kuti adzamange nikaha liuzidwe zimenezi tsiku lomwelo lopempha. Mababu a pa mzikiti avekedwe zisoti, zimene wokhoma zidebe aliyense pa msika angathe kupanga ndi chidutswa cha lata, ndipo anthu akamwazikana pambuyo pa Isha muadhini asiye loyaka limodzi lokha la pakhomo.