Ana Asakhale Manja Lende Mvula Ikamagwa

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, makolo a ku Manjawira m'boma la Ntcheu amalawirira kumunda kukadzala, kukapalira ndi kukabandira. Ana ang'onoang'ono amatsala pakhomo ndi agogo awo, kapena ndi mkulu wawo amene nayenso ndi mwana. Tsono mwana wosowa chochita sakhala pansi. Mvula ikakula amakaunjikana ndi anzake m'khitchini pafupi ndi moto. Ikangokata amathamangira ku zithaphwi ndi ku makhwawa. Malo awiri onsewa amatumiza ana ambiri kuchipatala m'dzinja.

Pamoto pali mphika wa phala ndi madzi owira. Kumadzi zoopsa nzochuluka koposa. M'madzi odikha a m'madambo ndi m'timitsinje mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timaboola khungu la mwana wosewera m'madzimo, ndipo pakapita milungu kapena miyezi mwanayo amayamba kukodza magazi. Njoka za m'mimba zoyamwa magazi zimalowera kumapazi mwana akaponda dothi lonyowa pamene anthu amadzithandizirapo. Madzi osefukira nawo amakokolola zonyansa za m'zimbudzi, ndipo palibe mwana amene amasewera m'madzi osamwako. Anthu sanaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Mawu akuti "usapite kumadzi" mwana amawasunga kufikira mayi atakhota kuseri kwa nkhokwe basi. Chimene chingamsunge pakhonde mmawa wonse ndi ntchito ya manja ake. Nchifukwa chake zoseweretsa zopanga okha ana ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi chimbudzi, sopo ndi madzi otetezedwa monga njira yopewera matenda.

Zipangizo zake sizilira ndalama. Phesi louma la chimanga likasendedwa limapatsa timizere tolimba ndi mtima wofewa. Mwana akamabaya timizereto mu mtimawo amatulutsa magalasi a m'maso, njinga, khola la nkhuku, ngakhale basi yonga zija amaziona zikudutsa pa msewu wa M1. Chitsononkho chikavekedwa kansanza chasanduka mwana wobereka kumbuyo. Dongo limaumbika ng'ombe, ngolo ndi timiphika, ndipo zoumbazo ziume pamthunzi kuti zisang'aluke. Chigoba cha mlambe chothiramo timiyala, nkutsekedwa bwino, chimalira ngati maseche. Ana okulirapo angathe kupota chingwe cha khonje, kuluka mlaza, kukulunga mpira kapena kupinda galimoto ya mawaya. Bawo ndiye mphunzitsi weniweni: mwana amene wadzikonzera maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, nkumagawa njere zake, waphunzira kuwerengera asanagwire choko.

Cholakwika chimene chimachitika m'makomo ambiri nchakuti mayi posesa amakokolola zonsezi nkukataya kudzala, namati ndi zinyalala. Kwa mwanayo inali ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo mawa lake sadzaumbanso, adzapita kudambo.

Ena anganene kuti m'dzinja, nthawi imene ntchito yachuluka ndipo ufa wachepa m'nyumba, kholo lilibe mpata wopanga zidole. Nzoona, koma kholo silikupemphedwa kupanga chidole. Lingosunga mapesi, zitsononkho, nsanza ndi zigoba m'dengu limodzi pamalo ouma nthawi yokolola, pakuti mu Januwale phesi louma silipezeka wamba. Zotsalazo agogo amazidziwa kale, ndipo amakondwa akafunsidwa.

Komabe si chilichonse chingalowe m'dengumo. Botolo kapena pepala limene munali mankhwala a mbewu, monga othira m'chimanga kapena ophera mbozi, lisaperekedwe kwa mwana ngakhale litatsukidwa. Mabatire akutha ndi malezala akale atayidwe m'chimbudzi. Njere za nsatsi nzokongola koma zili ndi poizoni woti nkupha mwana akazitafuna. Mwana wosakwana zaka zitatu asapatsidwe nyemba, mikanda kapena timiyala, kaamba kakuti amaziika m'mphuno, m'khutu ndi m'kamwa, ndipo zingamtsamwe. Nsonga za waya zipindidwe, ndipo bala la waya kapena chitini litsukidwe ndi sopo nkukaonetsa kuchipatala, poopa kafumbata. Dongo likatapidwe ndi munthu wamkulu, kutali ndi chimbudzi ndi khola, ndipo woumba asambe m'manja ndi sopo asanadye.

Pa malungo pokha zoseweretsa sizithandiza, pakuti udzudzu wake umaluma usiku. Pamenepo mwana agone m'neti. Zitini ndi zigoba zimene ana asewera nazo zisasiyidwe pabwalo chagada, chifukwa zikadzala madzi a mvula udzudzu umaswana momwemo.

Mwana akapsa ngakhale makolo anasamala, pamalo popsapo pathiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Pasapakidwe dzira, mafuta, phulusa kapena mankhwala otsukira mano, ndipo matuza asaphulitsidwe. Pafundidwe kansalu koyera, ndipo mwanayo apite naye kuchipatala cha Manjawira tsiku lomwelo.